Mafuta a ku Joni ndi Mapazi a Mfundo

Ng'iiiii. Kaphokoso kaja kanabweranso, kowonda ngati ulusi, kakuzungulira chakumutu kwa mphasa. Rute anatsegula maso mumdima, osagwedezeka. Anatchera khutu mpaka atatsimikiza kuti kulirako kukuchokera kunja kwa neti, osati mkati. Kenako anatambasula dzanja n'kukhudza chipumi cha mwana wake, Mfundo. Chinali chozizira bwino. Anapapasa timapazi take n'kutikokera pakati pa mphasa, kutali ndi pamene neti imakhudza thupi. Anayendetsanso zala m'mphepete monse, kuona ngati netiyo idakali yopisidwa pansi pa mphasa. Kameneka kanali kachitatu usiku umenewo.

Rute sanakulire kudziko la udzudzu. Kwawo ndi ku Tsangano, kumapiri, kumene nkhungu imachedwa kuchoka m'minda ya mbatatesi ndipo mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Kumeneko udzudzu unkamveka mwa apo ndi apo, moti neti imene amayi ake analandira kusikelo inathera pa nazale ya kabichi, ikutchinga nkhuku. Malungo ankawadziwa ngati funso la pamayeso. Ali Fomu 2 anakhoza bwinobwino kuti amafalitsidwa ndi udzudzu waukazi, aphunzitsi n'kuchonga.

Fomu 3 sanaimalize. Gracian, mnyamata amene ankabwera pa lole kudzapikula mbatatesi, anamupatsa mimba, ndipo makolo a mbali zonse atakambirana anamutenga chitengwa kupita naye kwawo, kumudzi wina kufupi ndi Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje. Rute anatsika mapiri ali ndi majuzi atatu m'chikwama. Sanavalepo ngakhale imodzi. Kuchigwako kutentha kumayamba dzuwa lisanatuluke, ndipo mvula ikagwa madzi amangoti ndundundu m'madambo ndi m'mapondedwe a ng'ombe mpaka Epulo.

Mimba itafika miyezi isanu ndi iwiri, Gracian anakwera basi ya ku Joni, monga anachitira malemu bambo ake ndi agogo ake. Anapeza ntchito pa famu ya mphesa. Mwana wake amangomudziwa pa zithunzi za pafoni. Rute anatsala m'kanyumba ka zipinda ziwiri, moyang'anizana ndi nyumba ya apongozi ake, aNangozo, mayi wosakonda kuyankhula. Sanali ankhanza ayi. Kungoti akakuyang'ana, umayamba kudzifunsa wekha chimene walakwitsa.

Munthu amene ankamuseketsa pamudzipo anali mmodzi yekha, a Goliati, mchimwene wawo wa aNangozo. Anali nkhalamba imene inathera unyamata wake m'migodi, n'kubwerako ndi chifuwa chosatha komanso chipewa chimodzi. Iwo ankamutchula Rute kuti mtsikana wa kuchisanu.

"Mtsikana wa kuchisanu, mwadzuka bwanji? Udzudzu wathu wakulandirani bwino?"

"Wandilandira, malume. Mwendo wonsewu ndi moni wake."

"Ee, ndi waulemu umenewo. Mlendo sumulambalala."

Mu Novembala, Mfundo ali ndi miyezi isanu, katundu anafika kuchokera ku Joni kudzera kwa amatransipota. Munali bulangeti, tizovala ta mwana, ndi botolo la mafuta othamangitsa udzudzu. Gracian anatumizanso mawu pafoni, akumveka kuti akunyadira. "Amake Mfundo, mafutawo si masewera. Kuno mabwana amapaka akamapita kutchire. Muzipaka madzulo alionse, udzudzu uzingokuonerani patali."

Rute anakhala pakhonde n'kuwerenga timalemba tonse ta Chingerezi kumbuyo kwa botololo, chala chikutsata mzere ndi mzere. Panalembedwa kuti mafutawo asapakidwe pa ana aang'ono. Anawerenganso kachiwiri, n'kumvera. Koma mumtima anaganiza motere: mwanayu amakhala kumsana kwanga. Ndikapaka ine manja, khosi ndi miyendo, fungolo litikuta tonse awiri, monga nkhuku imafungatirira anapiye ake. Zinamveka zanzeru ndithu, ndipo panalibe woti amufunse.

Mvula itayamba, ntchito ya m'munda wa mpunga inkatha mochedwa. Kuphika kunkayamba dzuwa litalowa, panja, pa mafuwa a kuseri kwa nyumba. Rute ankapaka mafuta ake, n'kubereka Mfundo, nsalu n'kumanga pachifuwa, kamutu ka mwanayo ndi timapazi tili panja monga amaberekedwera mwana aliyense. Ndipo zoona, udzudzu unasiya kumuluma Rute. Cha uko aNangozo ankafukiza masamba a mpungabwi m'phale, akudziomba miyendo ndi kansalu, pha! pha! Rute yekha ali phee, akuvundula. Kwa nthawi yoyamba chitsikireni kumapiri, anamva ngati chinthu chimodzi wachigonjetsa.

Koma fungo la mafutawo linali lokoma, ngati la mandimu, ndipo linkatsalira m'nsalu. Pa mjigo amayi anayamba kununkhiza.

"Abale, kwanunkhira m'tauni kuno. Ndani wabwera?"

"Ndi amake Mfundo. Amapaka madzulo okhaokha, ati."

"Madzulo? Bambo ali ku Joni, nanga akununkhirira ndani?"

Onse anaseka. Rute anayesa kufotokoza kuti ndi mankhwala a udzudzu, koma mayi wina anangoti, "Ee, udzudzu wake wovala thalauzi," kuseka n'kuyambiranso. Kuyambira tsiku limenelo ankapita kumjigo masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kulibe anthu.

Tsiku lina Rute akumusambitsa Mfundo, anaona timadontho tofiira pa mapazi, m'timiyendo ndi pamphumi. Anaganiza kuti ndi zotupa za thukuta, popeza mwana wa munthu wa kumapiri sangazolowere kutentha msanga. ANangozo anaweramira m'beseni, n'kugwira kaphazi kamodzi.

"Uwu ndi udzudzu, amake Mfundo."

"Sizingatheke, amayi. Madzulo amakhala kumsana kwanga, ndipo ine sundiluma n'komwe. Usiku timagona m'neti."

ANangozo anamuyang'ana, n'kusiya kaphaziko, n'kumapita.

Malungo anabwera pakati pa Januwale. M'mawa mwanayo anakana bere. Masana thupi linatentha ngati chiwaya. Rute akumupukuta ndi kansalu konyowa, anangoona maso atembenuka, timanja tauma, thupi lonse likunjenjemera. Sakumbukira kuti anakuwa motani. Amangokumbukira ali pa njinga yamoto ya kabaza, matope akuthovukira m'miyendo, iye akuitana dzina la mwanayo osalekeza kuti asagone. Kuchipatala cha ku Sharpevale mwanayo anamubaya kachala, ndipo pa kachipangizo koyezera panatuluka mizere iwiri. Anamubaya jakisoni, n'kuwakweza ambulansi kupita kuchipatala chachikulu ku boma. Anakhalako masiku asanu. Mfundo anachita kumuwonjezera magazi.

ANangozo anatsatira kukadikirira matenda. Ankaphika, ankachapa matewera, osadandaula. Koma tsiku lachitatu, atakhala pansi m'mbali mwa bedi, anayankhula motsitsa mawu, maso ali pa diripi.

"Amake Mfundo, ine ndine mayi wanu. Mwana sadwala chonchi popanda chifukwa. Ngati pali chimene chinachitika mwamuna wanu kulibe, nenani msanga, tikafune mankhwala a tsempho mwanayu asanatisiye. Sindiuza munthu."

Rute anamva ngati amuthira madzi ozizira. Ankadziwa tanthauzo lake: amati mayi akagona ndi mwamuna wina, mwana woyamwa amadwala. Choncho nkhani ya pa mjigo ija inali itafika mpaka m'nyumba.

"Ndi malungo, amayi. Mizere iwiri ija munaiona nokha."

"Ndinaiona," anatero aNangozo.

Mfundo anachira, koma anabwerera kumudzi atapepuka ngati mtolo wa udzu. Rute funso silinamuchoke m'mutu. Neti inalibe bowo, anaifufuza kangapo poiyang'anitsa kudzuwa. Nanga udzudzuwo unamupeza kuti mwanayo?

Madzulo ena anamugoneka m'neti dzuwa lisanalowe, iye n'kukhala pakhonde. Anapaka mafuta aja dzanja lamanzere lokha, lamanja n'kulisiya. Anaika manja onse pa maondo, n'kudikira.

Kutayamba kuchita chisisira, udzudzu woyamba unafika. Unalunjika dzanja lopakalo, unayandikira mpaka kutsala mpata wa chala chimodzi, kenako unabwerera ngati wagunda khoma. Rute anadikira kuti ugwe pansi, kapena uthawire kutali. Sunagwe. Sunathawe. Unangozungulira pang'ono, n'kutera pa dzanja lamanja, n'kuyamba kufunafuna pobaya. Anauphwanya. Wachiwiri unachita chimodzimodzi. Wachitatu sunavutike n'komwe ndi manja, unatsikira kuchidendene kumene sanapake.

Anabwereza mawa lake, ndi mkuja wake. Anaonanso china. Akakhalitsa, thukuta n'kutuluka, udzudzu unkayamba kutera ngakhale pa dzanja lopakalo, pamene mphuno yake inali ikumvabe fungo la mandimu lija. Fungo kwa iye linalipo, koma kwa udzudzu mpanda unali utagwa kale.

A Goliati anamupeza tsiku lina atatambasula manja choncho.

"Kodi mtsikana wa kuchisanu, mwayamba kuweta udzudzu? Mukuudyetsa pamanja?"

"Ndikuuphunzira, malume."

"Mochedwa. Iwo unakuphunzirani kale. Udzudzu wa ku Bwanje unapita kusukulu. Ine utsi wa ndowe ndafukiza zaka makumi angati? Umangotuluka panja, n'kukhala pakhomo ngati mkamwini wodikira chakudya. Moto ukazima, odi, walowa."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Rute sanaseke. M'maganizo mwake ankaona timapazi tiwiri tikulendewera kunja kwa nsalu, kumbuyo kumene maso ake sankafika.

Tsiku la sikelo anadikira amayi onse achoke, n'kufunsa mlangizi wa zaumoyo, a Cathy, amene anali akulongedza mabuku awo. Anawafotokozera zonse, za botolo, za kubereka, za manja awiri aja. A Cathy anasiya kulongedza.

"Mwaona bwino, mayi. Mafutawo si oipa, koma sapha udzudzu. Amangoteteza pamene mwapakapo, kwa maola ochepa basi. Ndiye udzudzu wanjala subwerera kukagona ndi njala, umafuna khungu lina lapafupi."

"Ndiye kuti ndinkaukankhira kwa mwana wanga ndine."

"Musadziweruze choncho. Udzudzu ukanamuluma ndithu, mafuta kapena popanda mafuta. Chachikulu n'chakuti dzuwa likamalowa, mwanayu azikhala ali m'neti. Ngakhale udzudzu wina masiku ano unazolowera mankhwala a m'neti, sukufa msanga ngati kale, pa neti yosang'ambika sungadutse. Ndipo malungo achiwiri asamupeze msanga mwanayu, magazi ake sanabwerere bwino."

Rute anamva zonsezo, koma mawu amene anapita nawo kunyumba ndi aja a khungu lina lapafupi. Anatenga foni kuti amuuze Gracian. Anajambula mawu, anamvetsera, anafufuta. Akanati chiyani? Kuti mphatso imene munanyadira ija ndi imene inanditseka maso? Anangotumiza chithunzi cha Mfundo akumwa phala. Botolo analiponya pansi pa chikwama, pamodzi ndi majuzi a ku Tsangano.

Moyo wake unasintha. Kumunda ankaweruka ena akadali mkati mwa ntchito. Pofika folo koloko anali ataphika, ndipo dzuwa likamafiira iye ndi mwana anali atalowa kale m'neti. Kunja ankamva anthu akucheza, ana akusewera, wailesi ya kwa aneba ikuulutsa mpira. Pamudzi anamupatsa dzina loti Nkhuku, poti amalowa m'khola dzuwa likadalipo. Ena ankati akubisala ndi manyazi a zimene anachita.

A Goliati okha ndi amene ankabwera. Ankakoka kampando n'kukhala panja pafupi ndi windo, phale lawo la utsi lili pambali.

"Odi m'kholamo! Nkhuku yagona?"

"Ili maso, malume."

"Nanga mwanapiye?"

"Akuyamwa."

"Ayamwe. Ameneyo ndi bwana, adzatikwirira ndi iyeyo."

Ankamusimbira za m'migodi, za chikepe chotsikira pansi pa nthaka, za anzawo a ku Mozambiki amene anaphunzira nawo kusoka nsapato. Rute ankamvetsera ali m'neti, osawaona nkhope. Akatsokomola kwambiri ankanyamuka okha, n'kunena kuti, "Basi, udzudzu wakhuta, ndikagone." Sabata yathayi sanabwere. Chifuwa chinawagoneka, ndipo Rute ankawapititsira phala m'mawa.

Ndi zimenezi zimene zinkayenda m'mutu mwake usiku uja, akumvetsera kaphokoso kozungulira neti. Tulo tinamuba pang'ono chakum'bandakucha. Chimene chinamudzutsa sichinali udzudzu. Unali mkuwo wa aNangozo, kuchokera kunyumba ya a Goliati.

"Achimwene ine! Achimwene mwandisiyira yani ine!"

Kutacha Rute anabereka mwana n'kupita. Analira mpaka mawu anasasa. Kenako anagwira ntchito imene mtengwa amagwira pamaliro: kutunga madzi, kusenza nkhuni, kutsuka miphika ikuluikulu yobwereka kutchalitchi. Anthu anagwirizana kuti kuika kukhale mawa lake, podikira ana a malemuwo ochokera ku Blantyre. Zimenezi zinatanthauza kuti usiku umenewo amayi onse agona kusiwa, m'nyumba imene mwagonekedwa malemu, akuimba nyimbo mpaka kucha, abambo ali panja pamoto.

Dzuwa litapendeka, aNangozo anamuitanira Rute kuseri kwa nkhokwe. Maso awo anali otupa.

"Pitani mukasambe, mukatenge nsalu ziwiri. Lero tigona kuno."

"Nanga mwanayu, amayi?"

"Mwana kumsana, ngati ana a anzanu onse. Akagona mumuyalira pambali panu."

"Koma udzudzu, amayi. Mwezi sunathe chitulukireni m'chipatala."

"Mupake mafuta anu aja."

"Mafuta aja ndi amene... Amayi, bwanji nditenge neti? Ndimangirira pakona, sindisokoneza munthu."

ANangozo anamuyang'ana ngati wayankhula chilankhulo china.

"Neti pamaliro? Anzanu akulira, inu mukukhoma chihema? Munaziona kuti zimenezo, ku Tsangano? Anthu adzati mtengwa wa kwa Nangozo anabwera kudzagona, osati kudzalira. Zokamba za anthu zachuluka kale pa inu, amake Mfundo. Musandiwonjezere zina lero."

Anatembenuka n'kubwerera kusiwa.

Rute anayenda yekha kupita kunyumba, mwana akusewera ndi tsitsi lake kumbuyo. Anakhala pamphasa n'kuyamba kuyeza njira zake. Kutsala kunyumba? Mudzi wonse uli pamaliro, iye yekha n'kudzitsekera m'nyumba, mwamuna ali ku Joni. Amayi a pa mjigo sakanafunanso umboni wina. Komanso amene sagona pamaliro a anzake, ake amadzalira yekha. Ndipo awa sanali maliro wamba. Anali a munthu yekhayo amene ankakoka mpando kudzacheza ndi windo lake. Kumusiyira wina mwanayo? Aliyense ali komweko, ndipo Mfundo amadzuka kawiri kufuna bere. Kupita naye kumsana, monga anenera apongozi? Anaiona nyumba ya a Goliati m'maganizo: chitseko chotsegula usiku wonse, mawindo opanda magalasi, amayi makumi atatu akupuma ndi kutuluka thukuta, dambo lili poteropo. Udzudzu wonse wa m'chigwa ukamva kuitana.

Anamumasula Mfundo n'kumukhazika pamiyendo. Anagwira timapazi take m'dzanja limodzi. Timabala tija tinali titada, tikuzimiririka, koma tinkawerengeka. Mwanayo anaseka, poyesa kuti ndi masewera.

Panja mthunzi wa mtengo wa mango unali utafika pakhonde. Nthawi yolowa m'khola inali itayandikira.

Rute anaimirira. Anakoka mtondo, anaugadabuza, n'kukwerapo. Anamasula chingwe choyamba cha neti ku phaso, kenako chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Anaipinda bwinobwino kuti isakodwe pena n'kung'ambika, anaikulunga m'nsalu pamodzi ndi kamphasa ka mwana. Anapisa dzanja pansi pa chikwama, kudutsa majuzi aja, n'kutulutsa botolo. Analiyang'ana kanthawi, n'kuliika momwemo. Akapaka yekha, koma pokhapokha mwana atalowa kale mkati.

Anaganiza zopita nthawi yomweyo, kukadali kowala, amayi asanadzaze nyumba. Akamanga netiyo pakona ya kuseri kwa chitseko, akamugoneka Mfundo, akapisa m'mphepete monse. Iye akakhala kunja kwake, pansi, pamodzi ndi amayi anzake, dzanja limodzi litapanikiza neti, ndipo akaimbira a Goliati mpaka kucha. Akamuseka, amuseke. ANangozo akamuuza kuti amasule, akagwada n'kupepesa, koma sakamasula.

Anabereka mwana, anasenza mtolo uja pamutu, n'kutseka chitseko.